Miyendo ya a Yotamu mu Envulopu ya Khaki

Msewu wa ku Katete ndauyenda kambirimbiri, koma ulendo umene ndinauyamba Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala ndi umene sundichoka m'mutu. Sindinanyamule shuga kapena sopo monga amachitira ana abwino popita kumudzi. M'chikwama munali kamera, laputopu, malaya amodzi osinthira, ndi envulopu ya khaki yokhala ndi chithunzi chimodzi cha akulu anga, a Yotamu. Ndinkapita kukaonetsa amama chithunzicho, kuti aone ndi maso awo kuti mwana wawo woyamba akufa ku Kafue, ndiponso kuti amene wakhala akuwanamiza zaka zonsezi ndine.

Dzina langa ndine Ackson, wojambula zithunzi. Kasitudiyo kanga kali ku Nangongwe, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa makala. Ntchito yanga theka ndi kamera, theka ndi kompyuta. Munthu akabwera ndi ziphuphu amatuluka nkhope ili see, akabwera ndi malaya osuluka ndimawabwezera mtundu wake. Palibe amene anabwerapo kudzadandaula kuti ndamukongoletsa mopitirira.

A Yotamu ndi amene anandibweretsa ku Kafue. Ankagwira ntchito pa fakitale ina, ndipo kumudzi dzina lawo linkatchulidwa mwaulemu ngati la boma. Fakitaleyo itachepetsa antchito iwo anali m'gulu la ochotsedwa, ndipo sipanapite nthawi impso zinayamba kuvuta. Manyazi anawagwira kuposa matendawo. Khirisimasi ina anandiitana nati, "Iwe Ackson, nijambuleko foto ya bamama. Koma uikonzeko, basaone kuti navutika. Bipi yao uiziba."

Pa chithunzi choyamba ndinangochotsa banga pa kolala ya malaya. Pa chachiwiri ndinawakhazika pafupi ndi windo kuti kuwala kwa m'mawa kudzaze masaya, n'kuwajambula kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, miyendo yotupa n'kutsala kunja. Chaka chotsatira ndinawaveka jekete yobwereka, thaulo m'kati kuti mapewa adzaze, pa kompyuta n'kuwayeretsa maso ndi kuwafutukula masaya. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pomaliza ndinawaimika patsogolo pa nyumba ya munthu wina ya ku Kafue Estates, dzanja lili pa galimoto yoyera imene ndinaijambula pa ukwati wa eni ake. Mthunzi wa dzanjalo pa chitseko cha galimoto unanditengera maola awiri, ndipo ndinainyadira ntchito yanga.

Chithunzi chimenecho chinafika kumudzi mwezi womwe atate anamwalira. Ku maliro a Yotamu sanapite chifukwa anali atagonekedwa m'chipatala, koma ife tinanena kuti abwana awatuma ku Ndola. Kuchokera tsiku limenelo amama sanatchulenso dzina lawo. Foni ikalira, mlongo wathu Dailesi, amene amakhala nawo, akangonena kuti ndi a Yotamu, amama ankatola khasu n'kulowera kudimba.

Tsopano madokotala anali atatibweza kunyumba. A Yotamu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chikuwapanikiza si impso zokha, koma chakukhosi cha amama. Kwathu kholo likakhululukira mwana limamwa madzi n'kuwalavulira pansi likutchula dzina lake, ndiye kuti nkhani yatha. Iwo sankapemphanso kuchira. Ankangofuna madzi amenewo alavulidwe asanatseke maso.

"Yenda ukabauze vonse," anandiuza Lolemba masana. "Nijambule mwamene nilili. Usajube mendo iyi, baione."

Ndipo miyendoyo sindinaidule. Ndinawakhazika pakhomo pa mpando wa pulasitiki dzuwa lili pamutu, kuwala koipa kumene sindingajambuliremo ngakhale chithunzi cha chiphaso. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka zonse zinalowa: miyendo yotupa ngati mitondo, manja owonda, beseni, khoma losapaka, ndi alamu anga amake Tisa ataima pambali ndi kapu m'manja. Chithunzicho ndinachipulinta osakhudza kalikonse, ngakhale kuti dzanja linkayabwa.

M'mawa mwake ndinanyamuka kunja kutangoyamba kuyera. Maminibasi a ku Lusaka sachedwa kudzaza nthawi imeneyo, pakuti theka la Estates limagona ku Kafue koma limagwira ntchito ku Lusaka. Kondakitala anatipanikiza anayianayi pampando wa anthu atatu, ine n'kukhalira tako limodzi, envulopu nditaikumbatira pachifuwa kuti isapindike. Kumbuyo kwanga kunali kasitomala wanga wina, mayi wathupi amene ndinamujambula pa kichini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mng'ono wake.

"Ba Ackson, muli shani? Ma foto yanga yaja mwasiliza?"

"Nizasiliza nikabwela, mami."

"Munichoseko mimba ka. Na manja aya muyachepeseko. Nifuna bamuna banga bakaona bazifunse ngati ndine."

Minibasi yonse inaseka. Inenso ndinaseka, mano okha.

Pa Chilanga tinakwawa kumbuyo kwa malole a simenti, pa Makeni mzere wa magalimoto unali utaima ngati pamaliro. Ulendo wa ola limodzi unatha awiri. Pa siteshoni yaikulu ya mabasi ku Lusaka ang'wang'wazi, amuna okokera anthu m'mabasi aja, anandilanda chikwama ndisanatsegule pakamwa.

"Chipata, bosi? Katete? Iyi iyenda manje manje, kwasala bantu batatu chabe!"

Ndinasuzumira pa windo ndipo basi inalidi yodzaza, mutu pampando uliwonse. Ina imene inaima pambali pake inali ndi anthu owerengeka. Mtengo unali utakwera kuposa umene ndinkaudziwa, koma ndinalipira osatsutsa. Dalaivala ankaliza injini, basi n'kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwe inali.

Patapita theka la ola ndinaona bambo wa pampando wakutsogolo akunyamuka n'kutuluka, osabweranso. Kenako wina. Wolipira aliyense akalowa, mmodzi wa odzaza aja ankatuluka, wopanda ngakhale kathumba m'manja. Anali anthu a ganyu yongokhala m'basi kuti izioneka yodzaza. Basi ya pambali ija inadzaza n'kunyamuka ndikuiona. Fulumira adadya gaga. Ndinafuna kukalipa, koma ndinaona kuti tili chimodzimodzi: iwo anadzaza mipando ndi anthu obwereka, ine ndinadzaza mapewa a akulu anga ndi thaulo. Ndinangokhala, thukuta likuyenderera kumsana.

Cha m'ma naini pambali panga panakhala mnyamata wa nsapato zoyera zosongoka, atanyamula chinsalu chachitali chokulunga. Anati ndi Bulaza Kelvin, wa mpingo wina wa chipentekoste wa kwathu komwe ku Kafue, ndipo ankapita ku Petauke kukapachika chinsalucho pa msonkhano wa chitsitsimutso. Atamva ntchito yanga anachifunyulula pamiyendo pathu kuti ndichiyamikire. Abusa ndi akazi awo anali ataima m'mitambo. Kuwala kunkawomba abusa kuchokera kumanzere, mayi abusa kuchokera kumanja, ndipo m'mphepete mwa tsitsi lawo munatsalira timizere ta khoma lobiriwira la kumene anawajambulira.

"Yaoneka bwanji, ba kamera?"

"Wamene anaipanga anathamangila," ndinatero.

"Koma bantu bazabwela. Bantu sibayangana vamene muyangana imwe."

Pamenepo ananena zoona, ndipo zinandipweteka.

Basi inatuluka m'siteshoni itadutsa hafu teni. Chongwe tinaidutsa anthu akadali ndi nkhani m'kamwa. Pa Rufunsa tinaima kuti ofuna kutaya madzi ataye. Kenako tinalowa m'mapiri a Manenekela, kumene msewu umakhotakhota ndipo okwera amayamba kuchepetsa mawu. Tili pakati pa chitunda china tinamva chinthu chikuphulika pansi, fungo la chitsulo chopsa n'kudzaza m'basi. Paipi ya madzi a injini inali itang'ambika. Dalaivala anaimika pambali, kondakitala n'kuthyola nthambi kukayala mumsewu kuti magalimoto ena adziwe.

"Ma miniti teni chabe, bantu banga," anatero kondakitalayo. Aliyense amene anakwerapo basi amadziwa kutalika kwa mphindi khumi zimenezo.

Kunja kunali ng'anjo. Mitengo ya m'mapiri amenewo mu Okutobala imakhala mbulanda, mthunzi wake sukwana ngakhale mbuzi, choncho tonse tinaunjikana m'mbali mwa basi momwe munali kamthunzi kopyapyala. Timantchentche tating'ono tinkalowa m'maso ndi m'makutu kufuna thukuta. Dalaivala anamanga paipi ija ndi malegeni, timizere ta mphira wa chubu, kenako anapempha kuti aliyense apereke madzi ake akumwa athire mu injini. Tinapereka. Mabotolo anayenda dzanja ndi dzanja, mayi wina anapereka ngakhale madzi a m'botolo la mwana. Tinakwera tikuomba m'manja, basi inayenda mtunda wongokwana bwalo la mpira, malegeni aja n'kuduka. Tsopano tinalibe basi, tinalibenso madzi. Kondakitala anaimitsa lole n'kupita ku Luangwa kukasaka paipi ina.

Foni sinkagwira. Bambo wina anapeza kuti pamwamba pa mwala waukulu kuseri kwa msewu imagwira pang'ono, ndipo tinayamba kukwerapo mosinthana, aliyense dzanja m'mwamba ngati akulumbira. Itafika nthawi yanga unalowa uthenga umodzi wa alamu anga: "Sibanadye. Bafunsa ngati mwafika." Ndinayankha kuti ndili pafupi. Ndinali ndisanafike ngakhale theka la ulendo.

Nditatsika ndinapeza Kelvin atandisungira malo pafupi ndi tayala. Anandifunsa chimene chinali mu envulopu imene sindinkaisiya pansi. Munthu wachilendo ndi wosavuta kumuuza, poti mawa simudzaonananso. Ndinamuuza zonse, n'kumuonetsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali akupukusa mutu.

"Koma ba kamera, iyi foto siizagwila nchito."

"Chifukwa?"

"Onani, bamudala baseka. Na zuba yabawalisa. Baoneka monga bapumula chabe pa Sande."

Ndinayang'ananso. Anali asakuseka kwenikweni, koma a Yotamu sangaone kamera osakweza mbali imodzi ya mlomo, ndi chizolowezi chimene ndinawaphunzitsa ndekha. Dzuwa la pamutu lija linawalitsa chipumi n'kubisa kutuwa kwa khungu. Ngakhale miyendo, munthu wosadziwa akanati ndi kunenepa.

"Imwe muziba nchito," anatero Kelvin. "Ifipiseni pang'ono. Mayi akaona alile pamene apo. Si boza iyayi, bamudala nibodwala zoona."

Ndinatsegula laputopu pamiyendo, nditafunda malaya kumutu kuti ndione bwino. Ndinachotsa mitundu yonse chithunzi n'kukhala chakuda ndi choyera. Ndinazamitsa mithunzi ya pansi pa maso ndi ya m'masaya, ndinadetsa m'makona kuti diso lithamangire pankhope, mbali ya mlomo ija n'kuitsitsa pang'ono. Sizinanditengere mphindi khumi ndi zisanu. Kelvin atasuzumira m'malayamo anatuluka misozi ili m'maso.

"Iyi ndiye yeve manje. Yesu!"

Sanali iwo. Anali munthu wina wodwala bwino kuposa akulu anga, monga mmene wa pagalimoto uja analili wolemera bwino kuposa iwo. Ndinachita mantha ndi manja anga omwe. Ndinatseka osasunga, ndipo Kelvin anandiyang'ana ngati ndataya chakudya. Kenako anandigwira phewa n'kuyamba kupemphera mokweza, akudzudzula mzimu wa impso ndi mzimu wa kusakhululuka, anthu ena n'kumavomera amen. Ine ndinatseka maso chifukwa cha ulemu, koma mumtima munali gwa.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula paipi ndi zigubu ziwiri za madzi a mumtsinje. Ena anamwako madzi omwewo asanathiridwe mu injini. Pa Luangwa tinaima kanthawi pamsika wa nsomba zouma ndi madengu. Mayi wina anakwera ndi mtolo wa nsomba n'kuusanjika pachikwama changa, ndipo nditauchotsa ndinapeza mafuta atalowa mu envulopu n'kusiya banga pakona ya chithunzi. Ganizo loyamba kundifikira linali lakuti banga limenelo n'losavuta kuchotsa pa kompyuta. Pa mlatho msilikali analoza kamera imene inali pakhosi panga, poti kujambula pamenepo n'koletsedwa, ndipo ndinaibisa m'chikwama asananene kanthu.

Ku Nyimba tinafika dzuwa likulowa, nthochi zikulowa pa mawindo. Pamphambano ya ku Petauke Kelvin anatsika ndi abusa ake kukhwapa. "Mulungu azachita, ba kamera," anatero. Ndinamuthokoza. Ku Katete ndinafika mdima utagwa kale, ndinagona pa kanyumba ka alendo kuseri kwa msika, ndipo m'mawa ndinakwera njinga yamoto yolowera kumudzi kwathu.

Ndinapeza amama atakhala pamphasa pakhonde akusenda nsawawa za mbewu. Anali atachepa thupi kuposa mmene ndinawasiyira pa maliro a atate, koma maso anali akuthwa monga kale. Dailesi anandilandira chikwama. Tinapatsana moni wonse, wa ana, wa mvula imene ikuchedwa, wa ng'ombe imene inathyoka mwendo. Za ku Kafue amama anafunsa za mkazi wanga ndi za Tisa, n'kulekera pomwepo.

"Amama, ndabwera ndi nkhani ya akulu anga."

Manja awo sanasiye kusenda. "Ndili ndi ana awiri ine. Wina ndi uyu, wina ndiwe."

Ndinagwada pansi pa khonde n'kuyamba kuyambira pachiyambi: ntchito imene inatha, impso, jekete yobwereka, thaulo, nyumba ya eni ake, chipatala chimene tinachitcha Ndola. Ndinalankhula nditayang'ana pansi. Dailesi anakhala pakhomo dzanja lili pakamwa. Nditamaliza ndinatulutsa chithunzi chija n'kuchipereka ndi manja awiri.

Amama anapukuta zala pachitenje n'kuchilandira. Anachitalikitsa, anachiyandikitsa, anachipendeketsa kuti dzuwa lichiwombe. Ndinaona chala chawo chikuyenda pa miyendo ija.

"Wachikonza bwino," anatero.

"Sindinachikonze, amama. Ichi chokha ndi chimene sindinachikhudze."

"Si iwe unaveka atate ako tayi atafa kale? Munthu amene sanavalepo tayi moyo wake wonse, pa pepala la maliro anatuluka ngati mphunzitsi wamkulu. Mudzi wonse unakutama. Lero ukufuna undiuze kuti makina ako amadziwa kunenepetsa kokha, kuwondetsa sadziwa?"

"Ndiwaimbire foni mumve mawu awo."

"Mawu ake ndimawadziwa. Ndi omwewo anandiuza za ku Ndola, atate ake ali pamphasa."

Apo ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse. Ndinatsegula laputopu kuti ndiwaonetse mmene ndinapangira bodzalo, poganiza kuti akaona msoko akhulupirira. Ndinatsegula chithunzi cha galimoto chija. Ndinadina kamodzi, galimoto n'kuzimiririka. Ndinadinanso, nyumba n'kuchoka, a Yotamu n'kutsala ataima kutsogolo kwa nsalu ya m'situdiyo mwanga, dzanja lili m'malere. Ndinadina kachitatu, masaya n'kuphwa.

Amama anayang'ana Dailesi. "Waona? Galimoto yathunthu waichotsa ndi chala chimodzi. Ndiye mnofu wa munthu ungamukanike?"

"Amama, akufa. Sakupempha ndalama, sakupempha kuti mupite. Akungopempha madzi."

"Ngati wadwala abwere adzadwalire pano, pamene anadwalira atate ake. Wakutuma chifukwa wamva kuti ndakalamba, akuopa kuti ndifa ndi mawu m'kamwa." Anandibwezera chithunzi chija. "Mukandinamiza kuti ali bwino, ndikhulupirire. Mukandinamiza kuti akufa, ndikhulupirirenso. Ine ndine chidole chanu?"

Ananyamula lichero lawo n'kulowera kuseri kwa nyumba. Ndinayang'ana Dailesi kuti andithandize, koma iye anangoti, "Alongo, ngakhale ine sindikudziwa kuti ndigwire chiti. Zonse zachokera m'chikwama chimodzi."

Ndinayesanso masana, ndinayesa kudzera kwa amalume amene amakhala kutsidya kwa dambo. Iwo anabwera, anamvetsera, anayang'ana chithunzi, nati nkhani yotere imafuna nthawi, tidzakhale pansi mvula ikagwa. Nthawi ndi imene tinalibe. Ndinakhala pa chitsa kuseri kwa khola nditasowa mtengo wogwira. Sindinakwiyire amama ngakhale pang'ono. Ndinadzida ndekha, ndi ntchito yanga, ndi maola awiri aja a mthunzi wa dzanja.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali alamu anga.

"Ba mulamu, bauka. Bafuna kukamba na imwe. Kambani pang'ono pang'ono, kupuma kubavuta."

Ndinamva kupuma kolemera, kenako mawu aang'ono ngati ochokera m'chitsime. "Ackson. Wabaonesa?"

"Nabaonesa."

"Bakamba chani?"

Ndinayang'ana khola, ndinayang'ana nsapato zanga zafumbi. Ndinali nditayenda tsiku lonse kudzathetsa bodza.

"Balila maningi," ndinatero. "Bakuti ndimwe mwana wao. Manzi bazathila manje manje."

Ndinachotsa foni kukhutu kuona ngati yaduka.

"Ujambule," anatero a Yotamu. "Unitumile nione. Koma usaikonze, Ackson. Nizaziba."

Ndinatenga kamera n'kuikapo lenzi yaitali imene ndimajambulira maukwati ndili kumbuyo kwa tchalitchi. Ndinakhala pachitsa pomwepo n'kudikira. Amama anali pafupi ndi thandala la mbale akudya mbatata yootcha imene Dailesi anawapatsa, nkhuku zikuwazungulira. Atamaliza anatunga madzi m'chikho, monga amachitira nthawi zonse akadya, anachukucha m'kamwa, anawerama n'kulavulira pansi. Ndinadina katatu.

Chachiwiri ndicho chinatuluka bwino. Dzuwa la madzulo linawomba madziwo ali m'malere, chikho chili m'dzanja, maso a amama ali otseka. Kumanzere kunkaoneka mbale zakuda ndi makoko a mbatata, kumanja Dailesi akuthamangitsa nkhuku. Ndinadula kumanzere, ndinadula kumanja, n'kutsala amama okha ndi madzi awo. Ndinayenda mpaka pachulu cha kumunda kumene foni imagwira bwino, n'kutumiza.

Yankho la alamu anga linabwera ndisanatsike pachulupo. "Baona. Baikulisa, bayangana mbali zonse, bakuti iyi sunaikonze. Bapempha poliji, bafuna kudya."

Sananame. Pa chithunzi chimenecho sindinawonjezepo kanthu, sindinayeretse kapena kudetsa paliponse. Ndinakhala pachulupo ndikulira ngati mwana, kwinaku ndikumva amama kunyumba akufunsa Dailesi ngati mlendo wa ku Kafue uja anyamuka mawa kapena mkuja.